Nsidze za Msahafu wa Amayi

Achimwene anga ndi munthu wabwino. Aliyense kwathu ku Nkhotakota amatero, ndipo ine ndatopa nako kumva. Akabwera kuchokera ku Joni amatsika ndi zikwama zotupa, n'kugawira ana nsapato, azakhali bulangete, oyandikana nafe sopo. Koma safunsa kuti munthu akusowa chiyani. Amangoyang'ana chimene chawanyansa iwo m'maso n'kuchisintha. Ulendo wina anapeza mpando wachikopa wa malemu ababa pakhonde, anaupereka kwa munthu wodutsa, n'kutibweretsera wapulasitiki umene unathyoka mwendo mvula isanagwe. Tinathokoza, monga mwa masiku onse. Chaka chimene ndikunenachi, maso awo anagwera pa msahafu wa amayi, buku lawo la Kurani.

Ababa ankakonza mabuku. Analibe shopu kapena chikwangwani. Anali ndi tebulo pakhonde, masingano, mpeni, ndi matabwa awiri opanira buku. Anthu ankabwera ndi misahafu yothothoka masamba, timabuku ta ana a ku madrasa, ndipo ngakhale a mpingo ankabweretsa mabaibulo ndi mabuku a nyimbo, ababa n'kuwakonzera osafunsa kuti mumapemphera kuti. Guluu ankaphika okha ndi ufa wa chinangwa, n'kuthiramo madzi a masamba a nimu kuti mphemvu zisamalowerere.

Ntchito yomaliza pa buku lililonse inali imene iwo ankaitcha nsidze. Mukatenga buku losokedwa bwino n'kuyang'ana kumutu kwa msana wake, pamene masamba onse amakumana, mupezapo kamzere ka ulusi wamitundu iwiri wolukanalukana. Kumunsi kumakhalanso kena. Sindidziwa kuti kwina amakatcha chiyani, kwathu ndi nsidze basi. Ababa ankati buku lopanda nsidze limaoneka lodwala, komanso silichedwa kung'ambika, chifukwa pamenepo ndi pamene chala cha munthu chimakoka akamalitenga.

Kasokedwe kake n'kosavuta kufotokoza, kovuta kuchita. Mumagoneka kachingwe pamutu pa msana. Ababa ankadula ku ukonde wakale. Singano imalowa pakati pa masamba, kutulukira kumsana, n'kubwerera pamwamba kuzungulira kachingwe kaja. Ulusi wofiira ukazungulira, wobiriwira umaudumpha, kuupanikiza, n'kusiya kamfundo konga kamkanda, kenako nawo uzungulire. Amangosinthana choncho mpaka kumapeto. Mukakoka kwambiri pamodzi pokha, mzere wonse umapindika. Mukalekerera, kachingwe kamasuzumira pakati. Achimwene anayesapo ali mnyamata, anadzibaya chala, anathawira kumpira ndipo sanabwererenso. Ndinatsala ndine, wamtima wapachala, ndipo ababa ankandimasulitsa mzere wonse chifukwa cha mfundo imodzi yokhota. Ndikayamba kufufuma ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mama," ine n'kupsa mtima kuposa poyamba. Atamwalira, masingano ndi matabwa aja anabwera kwa ine ku Chia kumene ndinakwatiwa. Ntchito yanga ya masiku onse ndi makina osokera zovala, koma munthu akabwera ndi buku sindimubweza.

Amayi ndiwo anaphunzitsa kuwerenga msahafu theka la akazi a m'mudzi mwathu. Mbali yaikulu ali nayo pamtima. Matenda a shuga atayamba kuwadya maso, mawu sanawathawe, koma ankafunabe msahafu m'manja, kuutsegula, kuyendetsa chala pamizere ngati kale. Mantha awo anali amodzi: kuugwira mozondoka. Kwathu msahafu suikidwa pansi, sukhudzidwa popanda wuzu, kusamba kuja kwa pokapemphera, susanjikizidwa ndi kanthu pamwamba, ndipo kuuzondotsa ndi chipongwe chimene amayi ankakwapulira ana. Ndiye ababa, manja atayamba kale kunjenjemera, anamasula nsidze zakale za msahafu wa amayi n'kusoka zina. Yakumutu anaikamo zingwe ziwiri kuti ikhale yonenepa, yakumunsi anaisiya yopyapyala. Ulusi wake anasolola kumphepete kwa nsalu imene amayi anavala tsiku la nikaha, ukwati wawo ndi ababa. Kuyambira pamenepo amayi ankangoyendetsa chala chachikulu pamsana, n'kudziwa kumwamba popanda kufunsa munthu.

Umenewu ndiwo msahafu umene achimwene anaupeza utada. Chikuto chake chinali chansalu, chothimbirira ndi thukuta la manja, ngodya zitapindika. Anati amayi awo sangamaonedwe ndi chinthu chotere pamene mwana wawo akugwira ntchito kunja. Anawauza kuti akukauveka malaya atsopano a Ramadhani, n'kukwera nawo minibasi mpaka ku Dwangwa, kukashopu kena kamene amachita fotokope ndi kumanga malipoti a ana asukulu. Ine sanandiimbire. Nditawafunsa pambuyo pake anati ntchito zamanja zimachedwa. Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anadzadi nako, ndipo kanadula.

Zonsezi ine sindinadziwe. Mwezi wa Ramadhani telala sadzuka pamakina, aliyense amafuna diresi ya Idi, ndiye ndinapita kwathu mwezi utatsala pang'ono kutha. Ndinafika masana. Amayi a m'mudzi anali atadzaza pakhonde pa mphasa, monga amachitira chaka chilichonse, amayi anga ali pakati akuwerenga, enawo akutsatira. Liwu lawo ndinalimvera kumsewu, losatekeseka, ndipo mtima wanga unakoma. Kenako ndinaona chinthu chakuda chonyezimira pa pilo pamiyendo pawo. Ndinavula nsapato, n'kudutsa chogwada kuti ndikakhale pafupi nawo.

Msahafu unali wozondoka. Zilembo zinali miyendo m'mwamba, ndipo chala cha amayi chinkayenda pamwamba pake mwaulemu wonse, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ankawerenga za kumayambiriro, atatsegula masamba a kumapeto. Ndinakweza maso kuyang'ana anthu. Amayi akuluakulu, ena a iwo ophunzira a amayi anga, onse anali atazolika ngati akufuna singano pa mphasa. Kumbuyo atsikana awiri anali ataluma mipango yawo, mapewa akugwedezeka.

Mmene zinachitikira ndinazimvetsa nthawi yomweyo, chifukwa ndi ntchito yanga. Mabuku achizungu amatsegukira kumanzere, msahafu umatsegukira kumanja. Munthu wa ku Dwangwa uja sadziwa Chiarabu. Anaona buku limene msana wake uli mbali yolakwika, analitembenuza mutu pansi kuti lifanane ndi malipoti ake, n'kulimata m'chikuto. Asanatero analilowetsa pa makina odulira kuti m'mphepete muyere, ndipo mpeniwo unapita ndi nsidze zonse ziwiri. Pomaliza anamata kariboni kosungira tsamba kumene iye ankati ndi kumutu. Amayi atasowa nsidze ya ababa, anagwira kariboni, n'kukhulupirira.

Ndinatsegula pakamwa, koma azakhali, mlongo wawo wa ababa amene amakhala ndi amayi, anandigwira pamkono ndi zikhadabo. Anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Khala chete iwe, usatichititse manyazi," anatero monong'ona.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Chionekereni mwezi."

"Ndipo nonse mukuona? Tsiku lililonse?"

"Nanga tiwauze bwanji? Munthu wamkulu ngati ameneyu, mwalimu wathu, tizikamuuza kuti mwazondotsa? Komanso mwana wawo anachita ndi mtima wabwino. Mulungu amaona mtima, mwana wa achimwene."

"Mulungu amaona mtima, koma atsikana aja akuona msahafu. Mwawaona mmene akusekera?"

"Ndi ana amenewo."

Ulemu wathu uja ndi umenewu. Timagwada, timaombera m'manja, timati amayi, amayi, munthu akuyenda ndi chisanza kumbuyo. Mwezi wathunthu, khonde lodzaza ndi anthu amaso awiriawiri, panalibe ndi mmodzi yemwe woti asendere pafupi, agwire buku mwakachetechete, alitembenuze. Akanatero tsiku loyamba, amayi akanaseka, akanatukwana wa ku Dwangwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tonse timadziwa kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma likafika khutu la munthu wamkulu, zala zimazizira.

Achimwene anatipeza pomwepo akuchokera kumzikiti, kanzu yoyera mbee, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo. Ndinawafunsa ngati anautsegula msahafuwo pamene ankaulandira. Anati anaona chikuto, chinali bwino. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti ndi wozondoka. Anati azakhali anawauza masiku oyambirira omwewo.

"Ndiye munatani, achimwene?"

"Chemwali, musakulitse nkhani. Amayi saona. Zikuwavuta pati?"

Ndinali pa swaumu, kusala kudya kwa Ramadhani, ndipo munthu wofunga satukwana. Mawu amene ndinameza masana amenewo akanakhutitsa mudzi wonse. Ndinangoti ndikutenga msahafuwo ndikaukonze. Iwo anati chikuto chawo ndisachitaye, ndi chikopa chenicheni. Sichinali chikopa, chinali chipulasitiki chomata pa katoni, chikomekome cha nkhuyu, koma ndinalibe mphamvu yokangana za zimenezo. Azakhali anandilumbiritsa kuti ndikonze mwakachetechete: nditembenuze masamba, ndibwezere m'chikuto, amayi asadziwe kanthu. Ndinavomera. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mawa lake atsikana aja asadzapeze choseka.

Anthu atabalalika ndinakhala pafupi ndi amayi n'kuwauza kuti ndikufuna kuwasokera nsidze. Nkhope yawo inawala. Anandigwira dzanja n'kutsitsa mawu kuti achimwene asamve.

"Anazidula za bambo ako, mwanawe. Sindinanene kanthu, mlongo wako angakhumudwe. Koma chala changa chimangopitabe pamenepo."

Ndinatuluka msanga, chifukwa ndikanakhalitsa ndikanaswa lumbiro langa pomwepo. Mayi wosaona ankasunga mtima wa mwana wake wamaso, ndipo mwanayo ankafunsa kuti zikuwavuta pati.

Ndinabwerera ku Chia kukatenga masingano ndi matabwa, ndipo m'mawa mwake ndinapanga wuzu n'kukhala patebulo la ababa. Amayi a m'mudzi aja tinawauza kuti apume kaye kubwera pakhonde. Guluu wa ku Dwangwa anali wouma gwa ngati chingamu chakale. Ndinamufewetsa ndi nthunzi ya ketulo pang'onopang'ono, ndikupala ndi msana wa mpeni, ndikupemphera kuti ulusi wogwira masamba usaduke. Pamenepo ndi pamene ndinaona bwino zimene makina anachita. Ababa ankasiya mphepete yotakata kuti chala chisakhudze zilembo potsegula. Tsopano mawu anali atafika kumapeto kwenikweni kwa pepala, ndipo masamba ena mitu ya masura, zigawo za msahafu, inali itadulidwa pakati. Tizidutswa timeneto, tokhala ndi mawu opatulika, kaya anatisesera kuti. Mbali imodzi mpeni wa makinawo unatsetsereka n'kusiya kachipsera kokanda m'mphepete mwa masamba. Ndinakaona, ndinatukwana mumtima, koma sindinakaganizire kwambiri.

Nsalu ya nikaha ija kulibenso, inatha kalekale. Ndinatenga ulusi umene amapetera mizuli, tizisoti tija ta kumzikiti, wofiira ndi wobiriwira. Chingwe ndinapempha kwa msodzi woyandikana nafe amene ankasoka ukonde pansi pa mango. Ndinagoneka ziwiri kumutu, monga anachitira ababa, n'kuyamba.

Nsidze sizisokedwa ndi mkwiyo. Ndikakumbukira mawu a achimwene dzanja linkakoka lokha, mfundo n'kumira, mzere n'kukhota. Ndinkamasula, kuyambanso. Ndikakumbukira mapewa a atsikana aja, ulusi unkaduka. Achimwene anadutsa pakhonde akulankhula pafoni, anaima, anasuzumira, n'kunena kuti ku Joni timaliboni totere amagulitsa topangapanga, mumangodula n'kumata. Ndinabaya singano pakati pa masamba, ndinaitulutsa kumsana, wofiira pansi, wobiriwira pamwamba, mpaka iwo anatopa kuima. Nthawi ya swala ya masana itakwana ndinali ndisanafike ndi pakati pomwe, khosi lili gwa ndi ludzu, maso akuwawa. Koma kenako dzanja linakumbukira lokha. Timikanda tinayamba kugona mofanana, kamodzi pambali pa kanzake, ndipo nditamaliza ndinatseka maso n'kuyendetsa chala. Inali yonenepa bwino. Sinali ya ababa, koma munthu akanatha kuidalira.

Yakumunsi sinandivute. Ndinasuntha kariboni kaja kupita kumutu kwenikweni, ndinaphika guluu wa chinangwa, n'kubwezera masamba m'chikuto cha achimwene, ulendo uno choongoka. Ndinaupana m'matabwa kuti uume. Kunja kwake munthu sakanadziwa kuti chasintha n'chiyani.

Ndinawapatsa amayi m'mawa wina, atangomaliza kuthira mankhwala awo a maso amene sathandiza kanthu koma amawakhulupirirabe. Azakhali analipo, achimwene ali pakhomo. Amayi anaupsompsona msahafu, anauika pa pilo, chala chachikulu n'kupita pamsana. Chinapeza nsidze. Chinayenda uku, chinabwerera uku. Anamwetulira, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Kenako chalacho chinatsikira m'mphepete mwa masamba, chikufunafuna. Anatembenuza buku, n'kupapasa kumunsi. Kumwetulira kuja kunatha.

"Iwe, walakwitsa."

"Ndalakwitsa pati, amayi?"

"Wasokera kumunsi. Pali kachipsera apa kamene anasiya munthu wa makina uja, kamandikanda tsiku lililonse ndikamatsegula. Kamakhala kumwamba. Lero kali pansi. Yonenepa waiika kumiyendo, ndi kariboni komwe wasuntha." Anapukusa mutu. "Bambo ako anakuphunzitsa chiyani? Ukufuna ndizigwira msahafu mozondoka pamaso pa anthu?"

Azakhali anandiponda chala. Achimwene anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti ndivomere. Ndipo kunena zoona, ndikanavomera. Kunyozedwa ndi amayi ako si imfa, ndinakula nako. Ndikanati pepani, ndinasokonezeka ndi swaumu. Koma amayi anandikankhira msahafu m'manja.

"Masula. Usokere kumene kuli kachipseraku. Ndikufuna ndiugwire bwino pa Idi."

Apa ndiye panalibe pothawira. Ndikanavomera bodzalo, ndikanayenera kutenga singano ya ababa ndi manja anga, n'kusoka nsidze yonenepa kumiyendo kwa msahafu, kuti amayi azigwira mozondoka mpaka tsiku lolowa m'manda, chala chawo chikuwatsimikizira kuti zili bwino. Ndinayang'ana achimwene kuti mwina alankhula, popeza nkhani ndi yawo. Anali akuyang'ana foni.

"Sindimasula, amayi. Sindinalakwitse. Kumene kuli nsidze yonenepa ndiko kumwamba. Munthu wa ku Dwangwa ndi amene anazondotsa."

Amayi anakhala osagwedezeka, maso awo otuwa ali kukhoma. Ndinkaona milomo ikusuntha pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akubwerera m'mbuyo, tsiku ndi tsiku, mpaka pamene mwezi unaoneka.

"Mwezi wonsewu?" anafunsa.

"Inde, amayi."

"Alamu, inu munkaona?"

Azakhali anayamba za ulemu, za mtima wabwino wa mwana, za Mulungu amene amaona zolinga. Amayi anakweza dzanja, iwo n'kusiya.

"Amayi onse aja ankaona? Amene ndinawaphunzitsa ndekha alifu?"

Kenako amayi anatembenukira kumene kunali ine.

"Atsikana analiponso?"

"Analipo," ndinatero.

Achimwene anayandikira n'kugwada. Anati amayi pepani, ine ndinkafuna kukusangalatsani, sindinkafuna muzidandaula. Anafuna kuwagwira dzanja. Amayi sanakalipe, sanalire. Anangochotsa dzanja lawo n'kuliika pa msahafu, n'kunena kuti akufuna kugona. Achimwene anaimirira kuti awatsogolere kuchipinda monga ankachitira chibwerereni. Amayi anati ayi, khoma lilipo. Anayenda okha akupapasa khoma, msahafu atauumbatira pachifuwa.

Panja achimwene ananditembenukira. Anati ndawapha amayi ndi pakamwa panga, kuti zinthu zinali bwinobwino ine ndisanabwere, kuti ndimafuna kuonetsa kuti ndine ndekha mwana wa ababa. Ulendo uno sindinameze. Ndinawauza kuti amene anatenga chinthu cha munthu wosaona n'kukachidulitsa osafunsa ndi iwo. Amene anachilandira osatsegula ndi iwo. Amene anauzidwa n'kunena kuti zikuwavuta pati ndi iwo. Ndinawauza kuti mphatso zawo amagulira maso awo omwe, kuti anthu aziti taonani mwana wa ujeni, ndipo wolandirayo amangokhala chopachikapo. Anati ndilibe ulemu. Ndinati ulemu wa mtundu umenewo asunge, m'mudzi muno ulipo kale wokwanira. Ngati swaumu yanga inaonongeka tsiku limenelo, ndidzabweza, koma mawu amenewo sindibweza.

Mpaka lero pali anthu amene amati ndikanapeza njira ina. Ndimawafunsa kuti njira iti, ndipo amangoti, aa, koma munthu wamkulu. Amaiwala kuti munthu wosaona amakhala ndi maso a anzake. Akafunsa kuti kodi njirayi ili bwino, kodi m'mbalemu mulibe ntchentche, kodi nsaluyi yayera, alibe pena potsimikizira koma pakamwa panu. Amayi anali atapereka maso awo kwa khonde lonse lija ndi mtima umodzi, ndipo khonde lonse linawabwezera ulemu.

Masiku otsala a Ramadhani sanatulukenso pakhonde. Amayi a m'mudzi ankabwera, azakhali n'kuwauza kuti mwalimu sakupeza bwino. Ena ankafuna kulowa kuti awaone, amayi ankati awauze kuti agona. Koma sanali kugona. Ndinkawamva m'chipinda akuwerenga motsitsa, ndipo ndikasuzumira ndinkapeza chala chachikulu chili pansidze, osachoka, ngakhale potsegula tsamba. Panali mayi mmodzi, mnzawo wa kuubwana amene ankakhala pambali pawo penipeni tsiku lililonse, amene anaumirira mpaka analowa. Anakhala pamphasa n'kuyamba kulira. Amayi anamufunsa za mpunga wake, za zidzukulu, za mwendo wake wotupa, zonse mwaulemu, ngati akulankhula ndi mlendo wa pa basi. Mayiyo anatuluka osatsanzika.

M'mawa wa Idi ndinawasambitsa, n'kuwaveka diresi imene ndinawasokera, yobiriwira, ya maluwa ang'onoang'ono. Achimwene anali atabwereka galimoto kuti awatengere ku swala. Amayi anati apita pansi, ndi ine. Ndinasangalala mumtima, ndisaname. Ndinkati pa anthu onse, ine ndekha ndi amene ndatsala. Ndinawamanga mpango, ndinawakonza m'makutu, n'kubwerera pang'ono kuti ndiwaone bwino.

"Mpangowu uli bwino? Sunatembenuke?" anafunsa.

"Uli bwino, amayi. Mwatchena."

"Ukunena zoona?"

"Amayi, ndine. Ndinakunamizanipo liti?"

"Pamene unkautenga msahafu uja unati ukukangosoka nsidze."

Kunja achimwene ankaliza hutala, ana akuthamanga ndi nsapato zatsopano za ku Joni. Amayi anakweza manja, anamasula mpango umene ndinali nditangowamanga, anauyala pamiyendo, n'kuyamba kuupapasa m'mphepete kufunafuna msoko. Unali bwino, monga ndinanenera. Anaumanganso okha, mopendekeka pang'ono, ndipo anagwira khoma n'kuimirira.